Khadi la Sellina

1. Thilanki la malume

Loweruka limene malume Maynard anatsegula thilanki lawo, ku Tsangano kunagwa nkhungu yoti mbuzi yako yomwe sungaione pakhomo. Tisunge ndi Sellina anafika ku kashopu ka malumewo atadzikulunga m'zitenje, manja ali m'khwapa.

Amayi a atsikana awiriwa anali munthu ndi mng'ono wake. Atsikanawo onse anali Fomu 3, kalasi imodzi, desiki imodzi. Tisunge ndiye anali wamkulu, ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, koma miyezi imeneyo ankaikumbutsa anthu ngati ndi zaka.

Malume Maynard, mlongo wa amayi awo aja, anakhala ku Joni zaka makumi awiri akukonza makompyuta. Pobwerera kumudzi sanabwere ndi galimoto monga anzawo. Anabwera ndi thilanki lachitsulo, lolemera moti analitsitsa anthu anayi. Achibale anasonkhana mitima ili dyokodyoko, poganiza kuti muli masuti ndi mabulangete. Atalitsegula anapezamo mawaya, timabolodi tobiriwira ndi magazini akale. Anthu anaseka mwezi wathunthu. Malumewo anangowasiya aseke. Anatsegula kashopu kokonza mafoni ndi mawailesi pafupi ndi msika, thilanki lija nkulikankhira kunsi kwa tebulo.

Chimene chinalitulutsa kumeneko ndi mpikisano. Aphunzitsi a Chinkhata, oyang'anira kalabu ya makompyuta, anali atalengeza kuti mwana aliyense akonze choonetsa chake. Wochita bwino koposa akaimira sukulu pa chionetsero cha sayansi kuboma, ku Ntcheu. Malo anali amodzi basi. Tisunge anali atauza kale aliyense, mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa pageti, kuti malowo ndi ake.

Malume anatulutsa timajumbo tiwiri totuwa, nkuika zam'katimo pa nsalu mosamala.

"Awa ndi makhadi a zithunzi," anatero. "Kompyuta imadziwa kuwerengera, koma kujambula siidziwa. Chilichonse chimene mumaona pa sikirini, kaya nkhope ya munthu, kaya galimoto zothamanga za m'masewera, wojambula wake ndi ameneyu. Aliyense atenge limodzi. Mukafufuze kuti linkagulidwa ndalama zingati lili latsopano, linafika pati patapita zaka, ndipo lero lili pati. Mbiri ya mtengo wakeyo ndiyo mukaonetse."

Khadi loyamba linali lalikulu, lofiira, lotalika kuyambira kuchala mpaka pafupi ndi chigongono, lili ndi fani wake pakati. Lachiwiri linali laling'ono, lobiriwira mozilala, lopanda fani. M'makona mwake munali fumbi, ndipo kumsana kwake kunali kasitika kachikasu kofutukuka mbali imodzi.

Malume asanatseke n'kukamwa komwe, dzanja la Tisunge linali kale pa lofiira lija.

"Wamkulu ndiye amayamba," anatero.

Sellina anangoseka nkutola lotsalalo. "Langali likuoneka ngati latoledwa kudzala."

"Kudzala komweko ndinalitola," malume anayankha, osaseka.

2. Mitengo ya zaka zapita

Masabata awiri atsikanawo ankati akaweruka kusukulu, ulendo ku kashopu. Ankavundukula magazini akale aja tsamba ndi tsamba kufunafuna mitengo, ndipo za masiku ano ankazifufuza pa foni ya malume.

Woyamba kupeza anali Tisunge. M'magazini ya 2008 munali chithunzi cha khadi lake lenilenilo, pansi pake atalemba madola 450. Anadumpha, nkukaika magaziniyo pamphuno pa mnzake.

"Lako linali zingati?"

"Madola 300, mu 1997," Sellina anayankha.

"Waona? Diso langa silinama."

Diso lake linali litanama. Mu 2011 khadi lofiira lija linali pa madola 90. Mu 2015 linafika pa 25. Atafufuza za lero, anapeza anthu akuligulitsa madola 10, enanso akuchita kuchonderera kuti wina angolitenga, liwachokere m'nyumba.

La Sellina nalo linatsika, ndipo linatsika moipa. Mu 2000 linali pa madola 80. Mu 2004 linali pa madola 5, mtengo woti ambiri ankangolitaya. Koma pamenepo mtengo unatembenuka. Mu 2014 unali 40. Mu 2019 unali 150. Za lero, Sellina anaziwerenga kawiri asananene. Khadi lotere, ngati likugwira ntchito ndipo kasitika kake kalipo, anthu akunja ankalimbirana pa madola 500.

"Foniyi yasokonezeka," anatero Tisunge. Anailanda nkufufuza yekha katatu, ndipo katatu konse yankho linali lomwelo.

Malume anaika pansi wailesi imene ankakonza.

"Sinasokonezeke. Lakolo anapanga miyandamiyanda, ndipo nthawi imeneyo anthu anali atayamba kusunga zinthu. Lero aliyense ali nalo m'kabati. Ili la Sellina kampani yake inatha kalekale. Litagwa mtengo anthu analitaya, ine ndemwe ndinataya katoni yathunthu, nkubwerera kudzala kukatolapo limodzi ili. Tsopano ana amene ankasewera nalo masiku amenewo akula. Ali pantchito, ali ndi ndalama, akufuna kuonanso zimene ankaona ali ana. Ofuna ndi ambiri, koma makhadi amoyo ndi owerengeka. Inu ana a alimi a kachewere, mpaka ndichite kukufotokozerani? Mwezi wokumba, thumba mumagulitsa motaya. Amene wasunga mbewu yabwino mpaka nthawi yodzala ndiye amatchula mtengo."

Pobwerera kunyumba, atafika pa chigayo, Tisunge anaima.

"Tisinthane," anatero mwadzidzidzi. "Iwe umakonda zofiira."

"Suja unati wamkulu ndiye amayamba?" Sellina anayankha. "Unayamba."

Ananena izi akuseka, mumtima mulibe kanthu. Tisunge sanaseke nawo. Kuyambira tsiku limenelo nsanje inamulowa, ndipo tisabise, inamulowa zedi.

3. Wachiwiri

Tsiku losankha, tchati cha Tisunge ndicho chinali chokongola m'kalasi monse. Analemba ndi mitundu inayi, mizere yonse ya rula, zilembo zoima bwino. Koma mzere wa mtengo unangochokera pamwamba nkutsetsereka mpaka pansi, nkuthera pomwepo.

Tchati cha Sellina chinali ndi mofufutafufuta. Mzere wake unatsika, unagona pansi zaka zingapo, kenako unakwera kupitirira pamene unayambira. Pambali pake anajambula mzere wina, wa mtengo wa thumba la kachewere mwezi ndi mwezi, monga anamuuzira amayi ake amene amagulitsa pamsika. Mizere iwiriyo inafanana kapindikidwe.

Malume anali atabweretsa kompyuta yakale panjinga. Sellina analowetsamo khadi lake, nkuyatsa. Pa sikirini panatuluka masewera a 1997, galimoto za matayala a makona zikuthamanga mumsewu wa chipale chofewa. Ana onse anasiya mipando. Ngakhale a Fomu 4, amene amadziona ngati aphunzitsi, anaunjikana pawindo.

La Tisunge nalo linagwira ntchito, ndipo zithunzi zake zinali zosalala kuposa za mnzake. Koma zinali ngati zimene ana amaona pa foni tsiku lililonse. Anaombera m'manja mwaulemu nkubwerera kwa Sellina.

"Tisunge, ntchito yako ndi yaudongo," anatero aphunzitsi a Chinkhata. "Koma watiuza zimene timadziwa kale, kuti chinthu chikakalamba chimatsika mtengo. Sellina watiuza zimene sitinkadziwa, ndipo watifotokozera ndi mbatata za kwathu konkuno. Kuboma apita Sellina, Loweruka likudzali. Iwe ndiwe wachiwiri. Wachiwiri amakhala wokonzeka, mwina woyamba nkulephereka."

Poweruka anyamata anali atamupatsa kale Sellina dzina, ankamuitana kuti Madola. Dzinalo linafika kumsika iye asanafike. Kunyumba, amayi ake a Tisunge omwe anamulandira mwana wawo ndi mawu akuti, "Wamva za mng'ono wako? Watichotsa manyazi mtundu wonse." Tisunge anasiya mbatata m'mbale nkukagona dzuwa likadalipo.

Sabata imeneyo anasanduka munthu wina. Pa desiki ankakhala kumapeto kwenikweni, thako limodzi lili m'malere. Rula yake, imene kale inali ya onse awiri, tsopano inkakhala m'chikwama. Kwa anzake ankati, "Nzeru zili pati pamenepo? Anangotola chimene ine ndinasiya." Zinali zoona kuti anasiya yekha, ndipo n'zimene zinkamupweteka kwambiri.

Sellina sanaone zambiri. Munthu wokondwa saona bwino nkhope za anzake. Lachiwiri anatenga khadi lija kupita nalo kwawo, kuti akalijambule pa tchati china nkulemba maina a ziwalo zake.

4. Uthenga

Lachitatu masana Tisunge anapita yekha ku kashopu kukabweza magazini. Sellina anali kudimba, akuthirira kabichi wa amayi ake. Tisunge anaponya magaziniwo patebulo nkutembenuka kuti azipita.

"Khala pansi, ndikutume," anatero malume.

Anakhala pa benchi ya makasitomala.

"Mawa m'mamawa ndikupita ku Ulongwe kukagula zipangizo, ndibwera Lachisanu chakumadzulo. Khadi lija lili kwa Sellina. Ndinamuuza kuti aziligwira m'mbali, koma chachikulu ndinaiwala. Ukamuuze iyeyo, ndipo makamaka ukawauze amayi ake. Mlongo wanga Dailes ndimamudziwa. Karoti satuluka pakhomo pake asanasambe. Thumba la feteleza lomwe amalichapa. Akangoona fumbi lija, manja amuyabwa.

"Ukanene chonchi. Khadi lisakhudze madzi. Asalipukute ndi nsalu yonyowa, asalikweche ndi kanthu kalikonse. Tinthu ting'onoting'ono tili pamwamba paja, tonga mpunga, si zinyalala ayi. Ndi ziwalo zake, ndipo kakangothothoka kamodzi, latha. Mano agolide a m'munsi aja asawakhudze. Kasitika kaja asakamatule, chifukwa ndi kamene kamachitira umboni kuti khadilo ndi lenileni. Pamsika wathu uno katundu woyera ndiye amagulidwa, n'chifukwa chake amayi anu amatsuka chilichonse. Kwa anthu a makhadi akale si choncho. Iwo amafuna chinthu monga chinalili, ndi fumbi lake lomwe. Wamva?"

"Ndamva, malume."

"Bwereza."

Tisunge anabwereza zonse, madzi, nsalu, ziwalo, mano, kasitika, osaphonya ngakhale chimodzi. Mutu anali nawo mtsikanayu, zimenezo palibe ankatsutsa.

Malume anavula magalasi nkumuyang'ana nthawi yaitali.

"Tsopano za iwe. Nkhope yakoyi ndaiona sabata yonse, ndipo ndikuidziwa chifukwa ndinakhalapo nayo. Ku Joni ndinali ndi mnzanga, Chrispin, wa ku Bwanje. Tinkakonza pa tebulo limodzi, tinkagona chipinda chimodzi. Bwana atamukweza iye nkundisiya ine, mtima unandiwawa. Ndinayamba kumuwerengera zolakwa. Akaseka, ndinkati akundiseka ine. Akandigulira chakudya, ndinkati akudzionetsera. Munthu wosalakwa ndinamusandutsa mdani ndekha, m'mutu mwangamu. Mapeto ake ndinasamuka chipinda osamutsanzika. Anadwala, ine ndinamva, sindinapite. Anabwera naye kuno m'bokosi. Pamaliro ake akazi ake anandiuza kuti mpaka kumapeto ankafunsa chimene anandilakwira.

"Sellina sanakulande kanthu. Khadi unasankha wekha, ine ndikuona. Chionetsero chidzabweranso chaka chamawa, ndipo m'thilankimu mukadali zinthu. Koma mng'ono wako ndi mmodzi yemweyo. Pita, ukapereke uthengawo lero."

Tisunge anatuluka. Njira ya kudimba imapatuka pa mjigo, kumanzere. Anafika pa mjigopo, anaima pang'ono, nkupitirira molunjika kwawo.

Lachinayi anakhala ndi Sellina pa desiki tsiku lonse. Anati anena pa buleki. Pa buleki anati anena poweruka. Poweruka Sellina anazingidwa ndi atsikana ofuna kudziwa chimene akavale kuboma, ndipo Tisunge anangodutsa.

5. Phulusa

Lachisanu anaweruka masana. Tisunge atangofika kunyumba, amayi ake anamutuma.

"Chikwama chako chatsopano chija kamubwereke mng'ono wako. Chake n'chong'ambika zipi, asakatichititse manyazi kuboma."

Chikwamacho Tisunge anachigula ndi ndalama za ganyu wokumba mbatata, ndipo ankachisungira ulendo womwewo. Anachinyamula nkunyamuka.

Kwa Sellina anapeza mayi ake aang'ono, a Dailes, ali kuseri kwa nyumba. Sellina anali atapita kwa telala kukapinditsa siketi. Pakhomo ponse panali ntchito ya mayiwo. Karoti wa msika wa mawa anali atatsukidwa, atamangidwa m'mitolo, ali psuu. Yunifolomu inali yosita, itapachikidwa pachitseko. Nsapato zinali padzuwa, zingwe zake zochapa zili pambali. Ndipo pa mpando, m'mbale yadothi, munali khadi lija.

"Wabwera bwino, mwana wanga," anatero mayi Dailes. "Taona chinthu ichi. Mwana wanga akaime pamaso pa akuluakulu a kuboma ndi chinthu chafumbi chonchi? Akati kwawo kulibe madzi? Ine phwetekere wa fumbi sindinayalepo pamsika, ndiye ndiyambire pa mwana?"

Ananyamula khadilo, nkulizunguza padzuwa. Kenako anaima.

"Koma iwe ndiwe wa makompyuta. Tandiuza, madzi pang'ono angachiononge?"

Uthenga wonse unali pakamwa pa Tisunge, wathunthu, monga anaubwerezera kwa malume. Anayang'ana yunifolomu pachitseko paja. Anayang'ana chikwama chake chimene chinali m'manja mwake.

"Kaya, mayi," anatero. "Sindikudziwa."

"Chitsulo ndi chitsulo, poto timatsuka tsiku ndi tsiku," anatero mayi Dailes. "Tandipatsira phulusalo."

Tisunge anawapatsira.

Mayi Dailes ankagwira ntchito ndi mtima wonse, monga amachitira ndi chilichonse. Anaviika khadilo m'beseni, analipaka phulusa, nkuyamba kukwecha ndi waya wotsukira mapoto, uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Kasitika kaja kanafewa, kanapindika, nkuyandama pamadzi. Tinthu tonga mpunga tija tinayamba kuthothoka, kamodzi, kenako tiwiri.

"Taona timiyala tinamatirira apa," anatero. "Malume ako zaukhondo zinawadutsa."

Mano agolide aja anawakwecha mpaka anayera. Anatsukuluza kawiri, madziwo nkukawakhuthulira pa nthochi. Khadilo analiika pa thandala pakati pa mbale ndi makapu kuti liume. Linkawala ndithu. Mayi Dailes anabwerera m'mbuyo pang'ono, manja m'chiuno, akuyang'ana ntchito yawo.

"Usamuuze Sellina," anatero. "Ndiliika m'kajumbo kake, akaone yekha kwa malume ake madzulo ano. Tenga karoti uyu, wandithandiza."

Tisunge anasiya chikwama nkulandira mtolo wa karoti ndi manja awiri. Tisamunenere zabwino zimene analibe, potuluka pakhomopo anali wokondwa. Chimwemwecho chinamufikitsa pa mjigo basi. Atafika kwawo, karotiyo anamuponya kukhitchini osauza amayi ake kumene wachokera.

6. Sikirini yakuda

Cha m'ma folo koloko onse anakumana ku kashopu, monga aphunzitsi a Chinkhata anakonzera, kuti ayese zonse komaliza ulendo usanachitike. Malume anali atangofika kuchokera ku Ulongwe, fumbi likadali m'tsitsi. Aphunzitsi anali ndi fomu ya chionetsero m'manja. Sellina anali ndi matchati ake awiri opinda bwino. Tisunge anaitanidwa monga wachiwiri, ndipo anaima pafupi ndi chitseko.

Mayi Dailes anali atavala chitenje cha kutchalitchi. Kajumbo kaja ananyamula okha, ndipo anakapereka kwa mlongo wawo akumwetulira.

Malume anasolola khadilo. Analitembenuza kumsana, kumene kunali kasitika. Analiika pansi pa galasi lokulitsa zinthu, nkuyendetsa chala m'mwamba mwake osalikhudza, milomo ikuwerenga.

"Amayi, mwalitani?" Sellina anafunsa chapansipansi.

"Ndangolisambitsa pang'ono. Silikuwala?"

Malume analilowetsabe m'kompyuta yakale ija, nkuyatsa. Kompyutayo inalira katatu, kulira kosongoka. Sikirini inangoti bii. Anazimitsa, analizula, analiuzira, analibwezera. Inaliranso katatu.

"Unatsukira chiyani, Dailes?"

"Phulusa, achimwene. Ndi waya wa mapoto." Mawu a mayiwo, amene pamsika amamveka kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, anali atachepa.

"Latha," anatero malume.

"Silingakonzeke?" anafunsa aphunzitsi.

"Ziwalo zisanu ndi chimodzi palibepo, njira za magetsi zadukaduka. Ngakhale ku Joni sakanalidzutsa."

Mayi Dailes anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana mwana wawo, kenako anakhala pansi pa simenti, ndi chitenje cha kutchalitchi chomwecho. Anatambasula manja awo nkumawayang'ana.

"Ndamuphera mwana wanga ulendo ndi manja angawa," anatero. "Ine ndimati ndimukonzere. Ndimati asakamuseke."

Sellina anagwada pambali pawo nkuwagwira phewa. "Simunadziwe, amayi. Musalire, simunadziwe." Koma iye mwini misozi inali ikugwera pa matchati aja, inki nkumasungunuka.

Aphunzitsi a Chinkhata anakanda kumutu. Anali munthu wachifundo, koma fomu inali m'manja ndipo nthawi inali itatha.

"Lamulo la chionetsero likuti choonetsa chizigwira ntchito. Tchati chokha sakalola. Tisunge, khadi lako likugwira?"

"Likugwira, aphunzitsi."

"Ndiye ukonzeke. Minibasi ya sikisi koloko m'mawa."

Basi, malo aja anali ake. Anawafuna mwezi wathunthu, anawalota, anawauza mpaka ogulitsa zitumbuwa. Tsopano anawapeza, ndipo ankalephera kudzutsa nkhope.

Sellina anapukuta m'maso ndi mkono. "Chikwama chako chili kunyumba, Tisu," anatero. "Ndinaikamo kale sopo ndi mafuta. Ungochotsamo zovala zanga, zinazo upite nazo. Ukachite bwino, ukaimire tonse."

Tisunge akanakonda kutukwanidwa. Anagwira chitseko, akufuna kutuluka.

Malume anali akadali ndi khadi lakufa lija m'manja. Anayankhula osakweza mawu.

"Tisunge, uthenga uja sunafike nawo?"

Tisunge asanatsegule pakamwa, mayi Dailes anadzutsa mutu. Ngakhale ali pansi pomwepo, sakanalola mwana wa mkulu wawo akalipiridwe chifukwa cha iwo.

"Mwanayo musamuvute, achimwene. Anali pomwepo, ndipo ndinamufunsa ndisanayambe ngati madzi angaononge. Anati sakudziwa. Mlandu ndi wanga ndekha."

Malume anaika khadilo patebulo pang'onopang'ono. Sanayang'anenso mlongo wawo, maso awo anali pa Tisunge.

Sellina anasiya phewa la amayi ake nkuimirira. Anayang'ana malume, kenako anatembenukira kuchitseko.

"Uthenga wanji, Tisu?"

Aphunzitsi a Chinkhata anali atatsegula kale cholembera kuti alembe dzina pa fomu. Anachitsekanso, nawonso nkudikira yankho.